Kabuleta ikamadontha, musathamangire kukagula ina

Ndikufuna ndilankhule ndi inu eni njinga zamoto zakale, amene mukusungabe Honda CG125, kapena Yamaha AG ndi DT zija ankayendera alangizi a zaulimi kumidzi. Pali chizolowezi chomwe chikundipweteka mtima. Njinga ikangoyamba kudontha petulo pansi pa kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini, amakaniko ambiri masiku ano sakuitsegulanso n'komwe. Amangokuuzani kuti yatha, mukagule ina. Mwini njinga n'kupita kumsika kukatenga yonyezimira yopanda dzina, ndipo kabuleta ya Keihin kapena Mikuni yomwe inabwera ndi njingayo n'kuponyedwa m'katoni ya zitsulo zakutha. Pakapita masabata ochepa, yatsopanoyo nayo n'kuyamba kudontha.

Ine ndikuti kabuleta zambiri zomwe zikutayidwazi zilibe mlandu.

Pansi pa kabuleta pali kambale komwe mumakhala petulo. M'kambalemo muli fuloti, yomwe imayandama, ndi nidulo, kachitsulo kakang'ono kosongoka komwe kawirikawiri kamakhala ndi labala kunsonga. Petulo akamalowa, fuloti imakwera n'kukankha nidulo kuti itseke kabowo kolowera. Zili ngati mpira uja wa mu thanki ya chimbudzi cha madzi. Nidulo ikalephera kutseka, petulo amangolowabe, kambale n'kudzaza, wotsalayo n'kutulukira pa kapaipi ka overflow kopita pansi. Opanga anakaika dala kapaipi kameneka, ndipo kakamadontha ndiye kuti kakugwira ntchito yake.

N'chifukwa chake ndimachita mantha ndikaona munthu wakapinda, wakamanga ndi waya kapena wakatseka ndi kamtengo. Achimwene, petuloyo simunamuletse kulowa, mwangomusinthira njira. Tsopano adutsa pakhosi pa kabuleta kulowa mu injini. Ngati njinga ndi ya four-stroke ngati CG, yomwe oyilo wake amakhala pansi pa injini osasakanizidwa ndi petulo, atsikira m'mbali mwa pisitoni n'kukasakanikirana ndi oyilo, oyiloyo n'kusanduka wamadzimadzi, osathanso kuteteza zitsulo. Akadzaza pamwamba pa pisitoni inu n'kuponda kiki ndi mphamvu, mukhoza kupinda con rod, chitsulo chomwe chimagwira pisitoni kumunsi kwake, chifukwa zamadzi sizifinyika. Ngati njinga yanu ya four-stroke inagonapo ikusefukira, tulutsani kamtengo koyezera oyilo mukanunkhize. Pakamveka fungo la petulo, kapena oyilo akuoneka wachuluka chosathira, musinthe musanailize.

Kupeza podontha kumangofuna kudekha. Tsekani kampopi ka pathanki, pukutani paliponse paume, kenako tsegulani n'kuyang'ana pamene pakuyamba kunyowa. Yambirani kumwamba, chifukwa petulo amayenderera n'kukagwera pansi penipeni ngakhale atachokera kutali. Nthawi zina vuto ndi paipi yochokera kuthanki yomwe yauma n'kung'aluka kumapeto, kapena kampopi komweko. Pakanyowa pamene kambale kakumana ndi thupi la kabuleta, ndi gasiketi, kalabala kapena kapepala kotseka mpata pamenepo. Pakanyowa pa sikulu yokhetsera petulo, mwina sinamangidwe bwino kapena kalabala kake katha. Zonsezi ndi zazing'ono.

Koma akamatulukira pa overflow, gogodani kambale pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Kudontha kukaleka, dziwani kuti fuloti inakakamira kapena kachitsotso kanatsamwa pa nidulo. Apa ambiri amakondwa n'kunyamuka, koma ntchito sinathe. Masulani kambale muone zomwe zadikha pansi. Mukapeza tinthu tofiirira ngati mchenga, limenelo ndi dzimbiri lochokera m'thanki, ndipo kanjere kamodzi kokha n'kokwanira kulepheretsa nidulo kutseka. Chotsani kapini ka fuloti, tulutsani nidulo muiyang'ane padzuwa. Nsonga yake ikakhala ndi kamzere kozungulira ngati yadyeka, yatha, ndipo imeneyo ndi imene muyenera kugula, osati kabuleta yonse. Fuloti nayo igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva zamadzi m'kati ndiye kuti yaboola, yalemera, sikuyandamanso. Yamkuwa mukaimiza m'madzi otentha, timathovu timatuluka pamene pali bowo. Palinso vuto lina lomwe limazunguza anthu mutu: kapaipi kamkuwa koima m'kati mwa kambale kamatha kung'aluka m'litali mwake, ndiye petulo amatuluka ngakhale nidulo ili bwinobwino. Dzazani kambale kali m'manja kufika chapansi pa mlomo wa kapaipiko. Kakadontha, mwachipeza.

Mukabwezera, musangopinda mwachisawawa kalilime ka fuloti komwe kamakankha nidulo, poti mtundu uliwonse wa njinga uli ndi muyeso wake. Lumikizani paipi yoonekera m'kati pa bowo lokhetsera, ipindireni m'mwamba m'mbali mwa kabuleta, masulani sikulu ija, mudzaona ndi maso pamene petulo walekezera. Pa njinga zambiri amakhala chapafupi ndi mzere wa gasiketi.

Chimene ndikufuna mumve kwambiri n'chakuti gwero la vutoli nthawi zambiri ndi thanki. Honda CG125 inatuluka mu 1975, ndipo zambiri zomwe tili nazo kuno zakhala zaka makumi zikuyenda m'fumbi ndi m'mvula. Thanki yachitsulo ikamakhala yosadzaza, m'kati mumachita chinyezi, dzimbiri n'kuyamba. Kuno kwathu palinso china. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya Ethco inayamba ntchito ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake inabwera PressCane ku Chikwawa. Ine sindikudana nazo zimenezi, poti ndi mafuta ochokera ku nzimbe zathu. Koma ethanol amakoka madzi a mumpweya, amawononga labala wamakedzana, komanso amasungunula litsiro lomwe linamatirira m'thanki n'kulitumiza kumunsi. Onjezeranipo petulo wa m'zigubu ndi m'mabotolo amene timagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa pa filing'i, osadziwa kuti chigubucho munali chiyani dzulo. Kabuleta yatsopano ikaikidwa pansi pa thanki yotereyi, imwa zomwezo zimene inkamwa yakale ija.

Choncho chotsani thanki, khuthulani, ponyamoni timabawuti ndi palafini pang'ono, khutchumulani mpaka dzimbiri lileke kutuluka, muumitse bwino. Tsukani kasefa ka pakampopi, ndipo ikani fyuluta yaing'ono yoonekera m'kati pakati pa thanki ndi kabuleta. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi petulo amene mukutayira pansi usiku uliwonse.

Za silikoni ndinenepo mwachidule: musapake pa kambale. Petulo amamufewetsa, tizidutswa take n'kukatseka majeti, timabowo tating'ono todutsa petulo popita mu injini. Sopo wochapira, mukamata naye podontha, akhoza kukufikitsani kunyumba mukaonongekera kutchire, koma si wokhalitsa. Gulani gasiketi yoyenera, kapena dulani ina papepala la gasiketi ngati kambale kake n'kosalala. Ndipo pomasula masikulu a njinga za ku Japan kanikizani kwambiri, chifukwa mitu yake ndi yosiyana pang'ono ndi sikuludiraiva wamba ndipo imadyeka msanga.

Mwina ena munena kuti zipangizo za kabuleta zakale n'zovuta kupeza, pamene yonse yathunthu ili paliponse. Ndi zoona, ndipo ngati thupi lake lang'aluka kapena slide, chitsulo chomwe chimakwera ndi kutsika m'kati mwake mukamawonjezera moto, yadyeka mpaka kugwedera, palibe kuchitira mwina. Koma yogula pamsikayo majeti ake sanayezedwere injini yanu, n'chifukwa chake ena amadandaula kuti njinga yayamba kumwa kwambiri kapena kutentha. Ngati mwasinthabe, yakaleyo tengani mukasunge, musaisiye kugalaja.

Ndipo chonde, ambirife njinga timagoneka m'nyumba kuopa akuba, nyumba yomweyo muli mbaula, kandulo ndi ana akugona. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda chapansi ndipo imakayakira kutali ndi pamene wadonthera. Mukaimika njinga, tembenuzani kampopi kafike pa OFF tsiku lililonse, ngakhale kabuleta ili bwino. Yomwe ikudontha isalowe m'nyumba mpaka itakonzedwa.