Mukatuluka m'ngalandemo, tsekani padzenje!

Anyamata inu amene mumalowa m'ngalande zapansi pa misewu kukajambula mavidiyo a TikTok, mwanditopetsa. Mumatukula chivundikiro chachitsulo, kutsika ndi tochi ya foni, potuluka n'kusiya dzenje lili yasa! Lachiwiri usiku, magetsi atazima, ndikuchokera ku Soweto Market kuno ku Lusaka ndi thumba la tomato, mwendo wanga unalowa mpaka m'bondo. Tomato yense mbwee m'matope, chikhadabo cha chala chachikulu chinazuka, mpaka lero nsapato sindikuvala.

Nanga akanakhala mwana? Mvula ikagwa kuno ku Kanyama, madzi amabisa maenje onsewa. Ndiye madzi akuda amene mumapondamowo, mwaiwala kale kolera ya 2024, odwala atadzaza Heroes Stadium? Bwezeranipo chivundikirocho, chonde.