Wabweza ndalama zanga, koma chiwongoladzanja chili kuti?

Chaka chatha ndinapereka mametikali 40,000 kwa mmisiri wina wa ku Ulongwe kuti andimangire kanyumba kanjerwa kosungiramo kachewere. Iye anakumba maziko okha, kenako n'kuzimiririka, ati wapeza ntchito yonona kumigodi ya malasha ku Moatize. Patatha miyezi 11 ndikumulondalonda, wandibwezera ndalamazo ndendende monga ndinamupatsira, ndipo akuyembekezera kuti ndimuthokoze ndi manja awiri.

Chimene chikundiwawa n'chakuti ndalamazo ndinazikongola kugulu lathu losunga ndi kubwereketsa, kumene chiwongoladzanja sichigona, ndipo mwezi uliwonse ndakhala ndikulipira pamene iye amayendetsera ndalama zangazo zofuna zake. Simenti nayo sinandidikire, moti zimene wabwezazo sizingagulenso matumba amene zikanagula poyamba.

Nditatchula za chiwongoladzanja, anandiyang'ana ngati ndine wakatapila. Komatu ndime 806 ya Código Civil, buku la malamulo a ku Mozambique okhudza mapangano ndi nkhani zina za pakati pa anthu, imanena kuti wochedwetsa ngongole ya ndalama ayenera kulipira chiwongoladzanja kuyambira tsiku limene anayamba kuchedwa. Vuto langa n'lakuti tinangopangana pakamwa, popeza timapemphera mpingo umodzi, ndipo tsiku limene ndinayamba kumulonjerera sindinalilembe paliponse.