Kanema wa ukwati amene anandigoneka mochedwa

Kujambula kanema n'kosavuta. Ntchito yowawa imayamba munthu ukafika kunyumba ndi mafayilo akuluakulu a kamera, amene foni kapena TV wamba singathe kutsegula. Loweruka lapitali ndinajambula ukwati, ndipo kuti eni ake aonere ndinayenera kusandutsa mafayilowo kukhala MP4 ya H.264, poti mtundu umenewu ndi umene pafupifupi chipangizo chilichonse chimalandira. Kompyuta inatentha ngati mbaula, fani ikulira usiku wonse, ndipo itatsala pang'ono kumaliza magetsi anazima. Pulogalamu yanga sipitiriza pamene yalekera, choncho ndinayambiranso.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinaonekera m'mawa. Mbali ina ndinaijambula pa foni, imene imasinthasintha chiwerengero cha mafelemu (zithunzi zimene zimapanga kanema) pa sekondi, ndipo nditailumikiza ndi ya kamera ya mafelemu 25, mawu anatsalira m'mbuyo: abusa atseka kale pakamwa, mdalitso n'kumamveka pambuyo pake. Ukatsitsa kwambiri bitrate, kutanthauza kuchuluka kwa deta imene sekondi iliyonse ya kanema imatenga, diresi la mkwatibwi limasanduka timabokosi. Ukaikweza, fayilo imakula mpaka kukana kulowa pa flash. Nditakonza zonsezi, mkwati anapempha kuti ndimutumizire pa foni, ndipo pulogalamu yotumizira mauthenga inafinyanso kanemayo mpaka nkhope za ankhoswe sizinkazindikirika.