Paketi ya SRO ndi ya lita imodzi, si ya kapu

Lachiwiri lapitali ndinapita kukazonda mwana wa mnansi wanga kufupi ndi ku Ulónguè, mwana wa zaka ziwiri amene anayamba kutsegula m'mimba usiku. Ndinapeza amayi ake atakhuthulira paketi yonse ya SRO, ufa uja wa mchere ndi shuga wobwezeretsa madzi m'thupi, m'kapu ya tiyi, akutakasa ndi chala, ufa wina utakhala pansi osasungunuka. Mwanayo maso anali atalowa, milomo itauma, akukankha kapuyo, iwo n'kumamukakamiza. Nditafunsa, anandiyankha kuti, "Agogo, lita yonse ija ndi madzi okhaokha, mwana angachire nawo? Ndafuna kuti mankhwala akhale amphamvu." Mtima wanga sunaphwebe mpaka lero.

Kodi si inu nomwe mumawaza mchere pa tomato wodula n'kuona madzi akutuluka okha? Kodi nsomba za chicoa zochokera ku Cahora Bassa zimauma gwa chifukwa cha dzuwa lokha? Nanga kuno ku Angónia alipo mlimi amene sadziwa kuti feteleza wogunda phata la chimanga pa nthaka youma amachiwotcha? Chimanga mumachisamala, mumakumba kadzenje patali pang'ono ndi phesi, koma matumbo a mwana wanu mukuwathira mchere ngati mukufutsa nsomba.

Ana a sukulu amaimba osmose, phunziro la mmene madzi amalowera ndi kutuluka m'maselo, tsiku ndi tsiku, koma akafika kunyumba amangoonerera. Selo lililonse la m'thupi lakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kamene madzi amadutsa mosavuta, pamene mchere ndi shuga zimadutsa pa tizipata take tokha, ndipo madziwo amathamangira mbali imene mchere kapena shuga wachuluka. Mukamwetsa mwana madzi owawa mchere kuposa magazi ake, madzi amachoka m'thupi n'kupita m'matumbo, kutsegula kuja n'kuwonjezeka. Mchere ukakwera m'magazi, maselo a muubongo nawonso amafota, mwana n'kuyamba kukomoka, inu n'kumathamangira kwa sing'anga kuti wina wamulodza. Wamulodza ndani?

Muyezo wa pa paketi sunalembedwe mongoganizira. M'chaka cha 1960 wasayansi Robert Crane anafotokoza kuti m'matumbo muli tizipata timene timalowetsa mchere ukatsagana ndi shuga wa gulukosi, ndipo lero tikudziwa kuti madzi amatsatira pambuyo komanso kuti tizipata timeneti timagwirabe ntchito ngakhale munthu akudwala kolera. N'chifukwa chake paketi imakhala ndi magalamu 2.6 a mchere ndi 13.5 a gulukosi, kuphatikizapo timichere tina, zonsezo za lita imodzi ya madzi aukhondo. Paketi ikasowa, mu lita imodzi mumathira masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Koma inu mumatapa ndi dzanja ngati mukukoleretsa ndiwo.

Ena ndiye amagula zakumwa zotsekemera za m'botolo, ati mwana apeze mphamvu, pamene shuga wochuluka chotero amakoka madzi chimodzimodzi. Ena amamumana madzi kuti m'mimba mutseke. Ena amaleka kuyamwitsa, ati bere ndilo likumutsegula. Ena amasungunula bwino, koma ndi madzi a pachitsime osawiritsa, kenako n'kusunga botololo masiku atatu pamene liyenera kutayidwa pakatha maola 24. Kodi kolera wa 2023 amene anafika m'chigawo chathu cha Tete sanatiphunzitse kanthu?

Kapu ija ndinaitaya panja ndekha, tinawiritsa madzi, tinayeza lita, ndipo mwanayo tinapita naye kuchipatala akumwa pang'onopang'ono ndi sipuni. Chondinyansa n'chakuti pakhomopo panali akuluakulu anayi, onse odziwa kuwerenga, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuza paketiyo kuti aone zolembedwa. Manyazi akugwireni.