Nambala 200 si umboni woti zonse zili bwino

Anzanga a m'maofesi, mawu oti "system yagwa" aja muziyamba mwawasunga kaye m'thumba.

Lachisanu lapitali amalume anandiimbira foni ndili pamzere wa kombi (minibasi) pa Copacabana mu Harare. Iwo amasunga mabuku a ndalama pa kampani ina ku Graniteside. "Mphwanga, system yagwa. Lipoti la mwezi likuonetsa malisiti 100 okha, chikhalirecho tagulitsa mwezi wathunthu." Ndinawafunsa kuti uthenga wa error ukuti chiyani. Akuti palibe uthenga uliwonse, zonse zikuoneka zobiriwira. Apa mpamene mutu unayamba kundiwawa.

Pulogalamu yawo ya malipoti imakatenga manambala ku seva (kompyuta yosunga zonsezo) kudzera pa API (njira yolankhulirana mapulogalamu). Imafunsa, seva imayankha, ndipo yankho lililonse limabwera ndi nambala yake. 401 ndiye kuti seva sikukudziwa, kawirikawiri token (kiyi wolowera) yatha nthawi. 403, ikukudziwa koma chipinda chimenecho si chako. 404, adiresi walakwitsa kapena chinthucho kulibe. 429, wagogoda kwambiri, dikira. 500, moto uli kunyumba kwawo, osati kwako. Zimenezi ine sizindiopsa, chifukwa zimalankhula. Yondisowetsa tulo ndi 200, yomwe imati zatheka, kenako nkukupatsa dengu losadzaza.

Nditafika ku ofesi kwawo ndinatumiza funso lomwelo ku seva pa Postman (pulogalamu yoyesera API), nkutsika mpaka kumapeto kwa JSON, ndiye kuti yankho lolembedwa la seva. Pansi penipeni panali kamzere konena kuti ili ndi tsamba loyamba, ndipo ena alipo 13. Seva imapereka malisiti 100 patsamba. Amene analemba script (malamulo ouza kompyuta chochita) yotenga malisitiwa anaiyesa kampani ikadali yaing'ono, malisiti asanapitirire 100, ndiye sanaiphunzitse kutsegula tsamba lachiwiri. Seva sinaname. Inayankha zomwe inafunsidwa.

Zinandikumbutsa 2024. ZiG, ndalama yatsopano ya ku Zimbabwe, italowa mu Epulo chaka chimenecho, code (dzina lachidule) ya ndalama yathu inadzasintha kuchoka pa ZWL kupita pa ZWG. Chilembo chimodzi chokha. Script ina yomwe ndinkaisamalira inkafunsabe malonda a ZWL, seva nkumayankha 200 ndi mndandanda wopanda kanthu. Ndinataya masiku awiri ndikunena netiweki, ndikunena magetsi, mpaka rauta (kachipangizo ka intaneti) ndinaizimitsa kangapo ngati ndili ndi mkwiyo nayo. Vuto linali pamzere womwe ndinalemba ndi manja angawa. Manyazi ake sindinawaiwale.

Za nthawi nazo ndi msampha. Seva zambiri zimayendera UTC (nthawi yoyendera dziko lonse), ife ku Harare tili patsogolo ndi maola awiri. Wogula mafuta pa garaja 01:30 usiku wa pa 1, kwa seva wagula 23:30 mwezi watha. Ndiye pali kalembedwe ka tsiku: 03/04, kuno ndi 3 Epulo, ku America ndi 4 Malichi. Lembani 2025-04-03, mkangano uthe.

Anthu amaona ngati ntchito yathu ya makompyuta ndi matsenga, ndipo ena mwa ife timakonda aziona choncho kuti tizioneka ofunika. Ine ndikukana. Theka la mavutowa limatha ukangowerenga yankho la seva mpaka pansi, nkuyerekeza chiwerengero chomwe yanena ndi chomwe walandira. Wolemba script yosayerekeza ziwirizi sanamalize ntchito, ngakhale atalipidwa kale. Ndipo inu otiimbira, mukatiuza ola lomwe zavuta, zomwe munapempha ndi nambala yomwe yabwera, mwatichepetsera ulendo.

Lipoti la amalume linatuluka lathunthu isanakwane 6 koloko. Abwana awo atafunsa kuti chinavuta nchiyani, amalume anangoti, "Inali netiweki, bwana, mwanayu wakonza." Ndinawayang'ana, iwo nkunditsinzinira diso. Lamlungu akuti ndikadye nsima ya matemba kwawo ku Mufakose, ndipo nkhaniyi tikaiyambiranso kumeneko.