Mwana akaba, chala chimaloza mayi yekha

Mwana akagwidwa atatsomphola foni ku depoti kapena pa mlatho wa Lilongwe, anthu asanafunse n'komwe dzina lake mumva wina akuti, "Ana olera mayi okha ndi choncho." Basi, mlandu wagamulidwa.

Sindikukana, ena mwa anawa amachokeradi m'nyumba za kholo limodzi. Koma taonani tsiku la mayi ameneyu. Ku Mtandire kapena ku Chinsapo amadzuka kusanache kukapikula tomato ndi masamba, n'kukhala pa benchi yake pamsika mpaka mdima. Akajomba tsiku limodzi, ya lendi yaperewera. Mwana wa Sitandade 4 waweruka masana, wapeza loko pachitseko, mbaula ili zii. Kuyambira pamenepo mpaka usiku akumulera ndani? Anyamata akuluakulu a pa vidiyo sho. Lero amutuma fodya n'kumugulira chipisi, mawa amuuza aime pakona aziona ngati kukubwera anthu. Mwana amakalowa m'gulu chifukwa cha njala ndi maola amenewa, osati chifukwa mayi ake sadziwa kulanga.

Ndipo ife a m'chigawo chapakati sitiyenera kudabwa ndi mayi wolera yekha ana. Kwa Achewa banja likatha ana ankatsala kuchikazi, koma panali mwinimbumba, atsibweni, agogo, bwalo lonse likuona mwana. M'tauni zimenezi zinatha. Atsibweni ali ku Mitundu kapena ku Joni, oyandikana nawo ndi alendi anzawo amene safuna kulowerera za eni.

Nanga bamboyo? Nthawi zambiri sanamwalire ayi. Ali ku Area 25 ndi banja lina, ndipo amuna anzake timamudziwa, timacheza naye, koma palibe amamufunsa kuti mwana uja wadya chiyani. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limati udindo wolera ndi wa makolo onse awiri, ndipo mayi angathe kukasuma kukhoti kuti bambo azipereka chithandizo. Amayi ambiri sapita. Ena amaopa kunenedwa kuti akukakamira mwamuna, ena sangatseke geni kuti azikakhala pamzere ku khoti tsiku lonse, kenaka n'kuuzidwa kuti abwerenso.

Zikafika poipa, lamulo limati mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu. Wokulirapo amakaonekera ku khoti la ana, ndipo mlandu ukakula angatumizidwe ku sukulu yosinthira khalidwe, ku Chilwa m'boma la Zomba kapena ku Mpemba ku Blantyre. Kuchoka kuno ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 300. Wofunafuna ya thiransipoti kuti akamuone mwanayo ndi mayi yemwe uja, ndipo masiku amenewo benchi yake pamsika imakhala yotseka, ana otsala kunyumba ali okha.