Zomwe ndinaona titalawa vinyo wa ku Pauillac wa 2010 ndi wa 2013

Loweruka lapitali ndinakhala pa tebulo limodzi ndi anzanga anayi, ndipo patsogolo pathu panali mabotolo awiri a vinyo wofiira ochokera m'munda umodzi wa ku Pauillac, m'dera la Médoc ku Bordeaux, m'dziko la France. Opanga ake anali amodzi, ndipo mphesa zambiri m'mabotolo onse awiri zinali za mtundu wa Cabernet Sauvignon, umene umakonda nthaka ya nsangalabwi ya m'mbali mwa mtsinje wa Gironde. Kusiyana kunali pa chaka basi: botolo lina linali la 2010, linzake la 2013. Mwininyumba anakulunga mabotolowo ndi nsalu kuti tisadziwe kuti ili ndi liti, natiuza kuti aliyense anene maganizo ake asanaone cholembedwa.

Kwa amene sanazolowere nkhanizi, chaka cholembedwa pa botolo ndi chaka chimene mphesa zinakololedwa, osati chimene vinyo anathiridwa m'botolo. Choncho nambala imeneyi imanena za nyengo, ndipo aliyense amene anagwirapo khasu akudziwa kuti munda womwewo sutulutsa zofanana chaka ndi chaka. Mu 2010 chilimwe cha ku Bordeaux chinali chouma, masana kunkawala bwino pamene usiku kunkazizira, motero mphesa zinakhala zazing'ono, zokhuthala khungu, ndipo zinapsa popanda kutaya kuwawasa kwake. Mu 2013 zinthu zinavuta kuyambira pachiyambi, chifukwa mvula ndi kuzizira zinasokoneza maluwa, matalala anaononga minda ina, ndipo nthawi yokolola itayandikira chinyezi chinayamba kuwoletsa mphesa, mwakuti alimi ambiri anathyola msanga pofuna kupulumutsa zomwe zinatsala.

Tinayamba ndi maso, monga amachitira olawa vinyo, kupendeketsa tambula pamwamba pa nsalu yoyera. Vinyo woyamba anali wakuda kwambiri pakati, woti sungaone chala kuseri kwake, pamene wachiwiri anali wopepukirapo ndipo m'mbali mwake munayamba kuoneka mtundu wa njerwa yootcha, chizindikiro chakuti wakula. Pa fungo ndi pomwe ndinakhalitsa. Woyambayo poyamba anali ngati wotseka pakamwa, koma nditamuzunguza m'tambula kangapo anayamba kutulutsa fungo la zipatso zakuda zimene Afalansa amazitcha cassis, kenako la mkungudza, ndi lina longa la pensulo yongosongola kumene, limene vinyo wa ku Pauillac amadziwika nalo. Wachiwiri sanachedwe kudziulula: zipatso zofiira, masamba ouma, ndi kafungo ka fodya wosungidwa bwino. M'kamwa, woyamba anaumitsa nkhama ndi lilime monga amachitira tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa m'ketulo. Kuuma kumeneku kumachokera m'khungu ndi njere za mphesa, komanso m'migolo ya thundu ya malita 225 momwe vinyo amakhala pafupifupi chaka ndi theka, ndipo ndi kumene kumathandiza vinyo kukhala zaka zambiri osaonongeka. Nditameza, kukoma kwake kunatsalira nthawi yaitali. Wachiwiri anali wofewa, wosavuta kumwa, koma akangodutsa pakhosi nkhani yake inkathera pomwepo.

Nyama ya nkhosa itabwera, anthu atatu mwa asanu ananena mosabisa kuti akonda wachiwiri, ndipo tambula zawo zinachitira umboni chifukwa ndi zomwe zinayamba kuuma. Nsalu zitachotsedwa n'kuoneka kuti amene amukondayo ndi wa 2013, chaka chimene aliyense amachinyoza, nkhope zinagwa. Mmodzi anati mwina chimfine chinamusokoneza mphuno, wina anatenganso tambula yoyamba n'kuyamba kuiyamikira ndi mawu amene sanawanene mphindi khumi zapitazo. Apa ndi pamene ndinaganiza zolemba izi, chifukwa anzangawo sanalakwe chilichonse, koma anachita manyazi ndi lilime lawo lomwe.

Manyazi amenewa ali ndi gwero lake. Ku Bordeaux mbiri ya chaka imakhazikika vinyo asanathe n'komwe kupangidwa. Chaka chilichonse cha m'ma April, akatswiri ndi amalonda amapita kukalawa vinyo wa mphesa zimene zinakololedwa miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri yapitayo, akadali m'migolo, pa dongosolo lotchedwa en primeur. Amalawa, kulavula, kulemba mapointi, ndipo mitengo imatsatira mapointiwo. Robert Parker, katswiri wolawa vinyo wa ku America, anatchuka atayamikira kwambiri vinyo wa 1982, ndipo kwa zaka zambiri muyezo wake wa mapointi 100 unkakweza kapena kugwetsa mtengo wa botolo. Pamwamba pa izi pali mndandanda wa 1855 wa minda ya mphesa yopambana, umene unakonzedwa pa chionetsero cha ku Paris m'nthawi ya mfumu Napoleon III ya ku France, pomwe minda ya Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion inaikidwa pamwamba, ndipo munda wa Mouton Rothschild unakwera kukakhala nayo mu 1973. Munthu akamafika pa tebulo amakhala atasenza kale zonsezi m'mutu, ndipo amaopa kuoneka wosadziwa.

Sindikunena kuti akatswiriwo ananama. Ine ndinasankha woyamba, ndipo ndikukhulupirira kuti wa 2010 ndi vinyo wamkulu kuposa mnzakeyo, chifukwa zipatso, kuwawasa ndi kuuma kwake zikugwirizana popanda china kupondereza chinzake, ndipo ali ndi mphamvu yopitirira kukula. Koma akatswiri akamati chaka n'chabwino, kwenikweni amayankha funso lakuti vinyoyu adzafika pati akasungidwa zaka makumi awiri kapena atatu m'chipinda chozizira. Funso limene linali pa tebulo lathu linali lina: ndi vinyo uti akukoma usiku uno ndi nyama iyi? Pa funso limenelo wa 2013 anali ndi ufulu wonse wopambana, pakuti wafika kale pamene akanafika ndipo sakudikira china chilichonse, pamene wa 2010 tinamudzutsa tulo tisanathe, ngakhale anathiridwa m'chotengera china maola awiri tisanayambe kuti apume mpweya. Ndionjezere kuti mtengo wa botolo la 2013 ndi wotsikirapo ndithu, zimene oyamikira nambala sakonda kuzitchula.

Mwininyumba ali ndi mabotolo ena atatu a 2010 amene anagula kalekale. Ndinamupempha kuti asawakhudze mpaka cha m'ma 2030, koma a 2013 otsalawo atsegule chaka chino chisanathe. Tagwirizana kuti ulendo wotsatira tidzaika wa 2009 pambali pa wa 2010, ndipo aliyense adzalemba chisankho chake pa pepala nsalu zisanachotsedwe.